Mmene mungawerengere kuti zinthu zisamathawe mmutu tsiku la mayeso

Pali chinthu chimodzi chopweteka chomwe aliyense amene anakhalapo pa desiki ya mayeso amachidziwa. Wawerenga digestion usiku wonse, manotsi wawabwereza kanayi, ukatsegula kope chilichonse chikuoneka chachizolowezi, nde mmawa akupatsa pepala funso lomwelo lili apo koma mmutu muli zii. Ukungokumbuka kuti zinali peji ya kumanzere mmunsimu pomwe panadonthera inki, mawu ake osabwera olo pang'ono. Ena amati basi ndine mbuli, ena mpaka kuyamba kukaikira azakhali akumudzi. Sikuti ndinu mbuli ayi, vuto ndi kawerengedwe, ndipo anthu a psychology nkhaniyi anaifufuza kalekale.

Mu 1885 bambo wina wa ku Germany dzina lake Hermann Ebbinghaus anatulutsa zomwe anapeza atadziyesa yekha. Ankaloweza timawu topanda tanthauzo, tingoti timaphokoso chabe, kenako nkumaona kuti tikutha bwanji mmutu nthawi ikamapita. Anapeza kuti kuiwala kumathamanga kwambiri koyambirira, pa ola limodzi lokha zoposa theka zinali zitapita kale, kenako kumayamba kuyenda pang'onopang'ono. Nde ngati mwaphunzira chinthu Lolemba nkudzachionanso sabata ya mayeso mu June, musadabwe chikaoneka ngati chachilendo. Ubongo umagwira ntchito choncho kwa aliyense, ngakhale wa mapointi 6 uja.

Choyamba choti muchite, ndipo ngati mungatolepo chimodzi chokha pa zonsezi tolani chimenechi: tsekani kope. Werengani gawo limodzi kamodzi kapena kawiri, litsekeni, tengani pepala lopanda kanthu nkulemba zonse zomwe mukukumbuka, osasuzumira. Zimawawa, mumaona ngati mukutaya nthawi chifukwa mumalemba mizere itatu nkuima, pomwe kungowerenga kumakoma, maso amangotsetsereka pa peji mtima nkumati eya izi ndikuzidziwa. Koma kuzindikira chinthu chili pamaso ndi kuchitulutsa wekha mmutu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo MANEB imafuna yachiwiriyo. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke ku Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira nkhani zoti awerenge. Gulu lina linangobwereza kuwerenga kangapo, lina linawerenga kamodzi kenako nkumalemba zomwe likukumbuka. Atawayesa patangotha mphindi 5, obwereza aja ndi amene anachita bwino, koma patatha sabata zinthu zinatembenuka, odziyesa aja anakumbuka pafupifupi 61 pa 100 pomwe obwereza anakumbuka 40 pa 100. Chomwe chimandiseketsa ine nchakuti obwereza aja ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti akumbuka.

Mukamaliza kulemba mutsegule kope muone pomwe mwaphonya, mulembe ndi cholembera cha mtundu wina, ndipo mawa muyambire pomwepo. Ma past paper nawo agwiritseni ntchito chimodzimodzi, osati kuwerenga funso nkuthamangira yankho kumapeto nkumagwedeza mutu. Yankhani kaye ngakhale molakwika. Ngati muli ndi mnzanu wa serious, muzifunsana mafunso pakamwa popita kumjigo kapena pa mzere wa ku dining, kapena mumufotokozere mng'ono wanu mmene mtima umapopera magazi mu Chichewa chenicheni, mukakakamira penapake ndiye kuti pamenepo simunamve, munangoloweza chizungu chake.

Chachiwiri ndi kumwaza nthawi. Maola atatu a Biology tsiku limodzi amagonja kwa maola atatu omwewo ogawidwa pa masiku asanu ndi limodzi, theka la ola tsiku lililonse. Mukabwerera ku chinthu chitayamba kuzilala pang'ono, ubongo umavutikira kuchikoka, ndipo kuvutikako nkomwe kumachilimbitsa. Njira yosavuta ndi ya timakhadi yomwe Sebastian Leitner anaitchukitsa cha mma 1970, ndipo siifuna foni kapena bundle. Dulani mapepala a kope lakale, kutsogolo funso kumbuyo yankho, mupeze maenvelopu atatu kapena timabokosi ta machesi. Yoyamba muziitsegula tsiku lililonse, yachiwiri pakatha masiku atatu, yachitatu kamodzi pa sabata. Kakhadi komwe mwakhoza kakwera kupita envelopu yotsatira, komwe mwalakwa kabwerera ku yoyamba, olo kanali katafika kale pa yachitatu, palibe chisoni. Mapeto ake nthawi yanu yambiri imathera pa zomwe zikukuvutani osati zija mumazikonda chifukwa mumazidziwa kale. Pa Maths timakhadi timangothandiza ma formula, zinazo ndi kusova basi, ndipo muzisakaniza mitundu ya masamu osati kupanga makumi awiri ofanana motsatizana, chifukwa pa mayeso palibe amene adzakuuzeni kuti ili ndi la simultaneous.

Za kutalika kwa nthawi yokhala pansi sindichulutsa. Ena amakonda njira ya Pomodoro ya Francesco Cirillo, mphindi 25 kuwerenga mphindi 5 kupuma, ena 40 zimawayendera. Chachikulu foni ikhale kutali, osati mthumba, chifukwa kupuma kwa mphindi 5 pa TikTok tonse tikudziwa kuti kumatha ola.

Tsopano tulo, apa nde ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ana asukulu timadzipweteka tokha nkumadzitama nazo. Kuviika mapazi mu beseni la madzi ozizira kuti usagone, kutafuna khofi wouma, kuwerengera tochi mu bulangete mpaka atambala, mawa nkumayenda monyada kuti ine sindinagone. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa hippocampus komwe kamagwira zinthu zatsopano. Kufunika kwake kunadziwika bwino chifukwa cha Henry Molaison wa ku America, yemwe mu 1953 madokotala anamuchotsa mbali yaikulu ya kachigawoka mbali zonse ziwiri pofuna kuthana ndi khunyu. Khunyu linachepa, koma kuchokera pamenepo sankathanso kusunga zatsopano, munthu amacheza naye, kutuluka pang'ono nkubwerera, iye nkumulonjera ngati mlendo, pomwe zambiri za ubwana wake ankazikumbuka. Nde kachigawo kameneka mukagona sikagona nanu, kamabwereza zomwe mwaphunzira masana nkumazipereka ku mbali zina za ubongo zosunga nthawi yaitali. Kale mu 1924 ofufuza awiri, Jenkins ndi Dallenbach, anaonetsa kuti munthu akaloweza zinthu nkugona amakumbuka zambiri kuposa akaloweza nkukhala mmaso maola omwewo. Mukakana tulo zili ngati mwakolola chimanga chambiri nkuchisiya pabwalo osachiika mnkhokwe.

Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10, wamkulu osachepera 7. Ndikudziwa ku boarding belu la mmawa silikambirana ndi munthu, ndipo kwa oyendera pali madzi otunga, mbale, mwina ka geni ka pakhomo, nde sindikunena kuti nzophweka. Koma ngati musankhe pakati pa ola lowonjezera la kuwerenga uku mukusinza ndi ola la tulo, tengani tulo. Werengani zovutazo madzulo, dziyeseni, gonani, mmawa mukadzuka dziyeseninso musanatsegule kope, mudzadabwa.

Khofi, tiyi wakuda bii ndi ma energy drink aja ali ndi caffeine. Tsiku likamapita mu ubongo mumachuluka chinthu china chotchedwa adenosine chomwe chimabweretsa tulo, caffeine sachichotsa ayi, amangotseka malo omwe chimakakhala, kutopa kuli pomwepo kukudikira. Ndipo amachedwa kutuluka mthupi, pakatha maola 5 kapena kuzungulira pamenepo theka lake limakhala likadalimo, nde chomwe mwamwa 6 koloko madzulo chikadali kugwira ntchito 11 koloko mukufuna kugona. Mukafuna kumwa imwani mmawa, ndipo tsiku la mayeso si tsiku loyesera chakumwa chomwe simunamwepo, manja amanjenjemera mtima nkumathamanga.

Mantha a mayeso nawo ali ndi sayansi yake. Thupi likaona ngati pali choopsa limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima kugunda, manja thukuta, mmimba kutembenuka, ena mpaka kuthamangira ku toilet. Pang'ono zimathandiza, zimakudzutsa, koma zikachuluka nkhawa imadzaza malo aja omwe mumaganizira pa nthawiyo, omwe ndi ochepa kale, nde funso losavuta limaoneka ngati la Chitchaina. Mukamva choncho ikani cholembera pansi, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6 kapena 8, kasanu. Potulutsa mpweya mtima umatsika liwiro, ndi mmene thupi linapangidwira. Palinso njira ina yomwe Gerardo Ramirez ndi Sian Beilock a ku University of Chicago anaiyesa mu 2011, ophunzira ankhawa omwe analemba mantha awo papepala kwa mphindi 10 mayeso asanayambe anakhoza bwino kuposa anzawo ankhawa omwe sanatero. Lembani muli panja, ndipo pepalalo mulitaye musanalowe, angakuyeseni kuti mwanyamula likasa.

Musalowe ndi njala, phala kapena mbatata ndi madzi akumwa zikukwana. Koma ngati mukungotopa nthawi zonse olo mwagona bwino, chizungulire, mutu, kupuma mobanika mukakwera kaphiri, pitani kuchipatala akayeze magazi, kuchepa kwa magazi nkofala makamaka kwa atsikana omwe akusamba, ndipo malungo nawo amatha kukufooketsa osakugwetsa. Ndipo ngati si za mayeso zokha, mtima uli wolemera pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposa, zomwe munkazikonda sizikukomanso, kudya ndi kugona kwasokonekera, kapena mukuganiza zodzipweteka, amenewo ndi matenda ngati ena onse ndipo ali ndi thandizo. Uzani aphunzitsi omwe mumawadalira, a matron, makolo kapena adokotala tsiku lomwelo, ku Malawi kuno mutha kuimbanso 116, nambala yothandiza ana ndi achinyamata, yomwe ndi yaulere.

Pepala likafika musayambe ndi nambala 1 chifukwa choti ndi nambala 1. Liwerengeni lonse kaye, muyambe ndi funso lomwe mukulidziwa bwino, nthawi zambiri mukamalemba limenelo zija zinathawa zimayamba kubwera zokha, ndipo zikabwera zilembeni msanga pambali ndi pensulo musanabwerere pomwe munali.