Miyala ya mu msewu imayambira pansi kuwononga njinga yamoto

Akabaza ambiri a pa Lizulu, pa Bembeke ndi pa Tsangano Turn-off amasamala thanki: amaipukuta, amaimata masitika, ena mpaka kuiveka nsalu. Sizoipa. Koma mukapatuka pa M1 kulowa msewu wafumbi kukatenga mbatatesi kapena kabichi, timiyala tomwe tayala lakutsogolo limaponya sitifika pa thanki kawirikawiri. Timiyalato timamenya mmunsi, ndipo ndalama zimathera kumeneko.

Yambani ndi ma shock akutsogolo. Mapaipi awiri onyezimira aja amalowa ndi kutuluka mu oil seal, kamphira kotchinga oilo kuti asatuluke, nthawi iliyonse njinga ikagunda bampu. Mwala ukatema paipi, pamatsala kachilonda kakuthwa. Mvula ya ku Dedza ikagwa, dzimbiri limayambira pomwepo, ndiye kachilondako kamacheka seal pang'onopang'ono. Poyamba mungoona mzere wa oilo wogwira fumbi. Pambuyo pake oiloyo amatsetserekera ku mabuleki, ndipo amene anatsikapo Khwekhwelere kulowera ku Golomoti atanyamula katundu akudziwa kuti kumeneko buleki si yoseweretsa. Yendetsani chikhadabo pa paipi mukamatsuka njinga. Pakakola, uzani amakaniko apasalaze msanga. Mphira zopindikapindika zophimba mapaipiwa zikang'ambika musinthe, musamange ndi pepala la pulasitiki, chifukwa limasunga madzi ndi mchenga mkati.

Madigadi ya njinga zambiri ndi yaifupi. Dulani chidutswa cha tayala lakutha kapena cha chigubu cholimba, muchimange ndi mabawuti awiri kumunsi kwa madigadi yakutsogolo kuti chitchinge injini ndi khosi la ekizozi. Mawaya ayi, amadula pulasitiki. Chisakhudze tayala mukapinda chiwongolero, komanso chisatalike mpaka kukwekwereza pansi.

Pansi pa injini, owotcherera zitsulo angakupangireni chitsulo chotchinga chomangidwa ku felemu, chosiya mpata wa bawuti yokhuthulira oilo. Apa ndichenjeze: injini za njinga zimenezi zimaziziritsidwa ndi mphepo yodutsa m'nthiti zake. Ena amazikuta ndi malata mpaka pamwamba, kenaka n'kumadabwa njinga ikutha mphamvu pachitunda. Tchingani pansi pokha, ndipo matope ouma a pakati pa nthitizo muzigogomola ndi kamtengo injini itazizira.

Chophimba tcheni musachichotse. Ndikudziwa, chikamasuka chimasokosera, ndiye anyamata amangochiponya kuseri kwa nyumba. Mangitsani mabawuti basi. Tcheni cha pamtunda chimatola mchenga, mchengawo ukasakanikirana ndi girisi umadya mano a sipuloketi ngati tupa. Tsukani ndi parafini, chiume, kenaka thirani oilo pang'ono, osati wosefukira.

Pomwe penti yasupuka pa felemu kapena pa thanki, palani dzimbiri ndi sandipepa n'kudonthezapo penti mvula isanayambe mu Novembala. Pagalasi la nyali mukhoza kumata pulasitiki woonekera bwino, koma wamitundu uja amachepetsa kuwala usiku.

Ndipo musamakakamire kumbuyo kwa lole kapena thipa pa msewu wamiyala. Matayala ake apawiri amapana miyala n'kuiponya chakumbuyo, molunjika pa nyali ndi m'maondo mwanu. Tsalirani m'mbuyo mpaka fumbi lichepe, muone msewu, ndiye mupitirire.