Mwapyoza muyezo wa oyilo mu injini ya dizilo? Nayi njira yodziwira ngati yawonongeka

Pa ma Hiace ndi ma Caravan izi sizachilendo. Injini ili pansi pa mpando wakutsogolo, malo ndi opanikiza, mnyamata wapagalaji akungokhuthula chigubu osayeza. Kapena dalaivala wayeza oyilo galimoto ili pamtsetse, waona ngati wachepa, n'kuwonjezera lita. Mawa lake ekizosi ikufuka utsi wabuluu.

Musalize kaye injini. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, ndipo ngati imayenda, dikirani mphindi 15 kuti oyilo atsikire m'sampu, beseni la pansi pa injini. Sololani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, pukutani, lowetsani mpaka kumapeto, sololaninso. Pa injini zambiri, kuchoka pa chizindikiro chapansi kufika pa chapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi, ndiye mutha kuyerekeza kuti mwapyoza bwanji. Mamilimita awiri kapena atatu si oti n'kusowa nawo tulo. Koma akakwera kutalika kwa chala, chitsulo chozungulira cha pansi pa injini, crankshaft, chimayamba kumupuntha mpaka kuchita thovu, ndipo oyilo wathovu safewetsa ma bearing.

Mununkhizenso. Akamamveka dizilo ndipo wasungunuka ngati madzi, mwina simunapyoze ndinu: ma injector akudontheza mafuta m'sampu. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi a m'radiator alowamo. Amenewo ndi matenda ena.

Kenako chotsani wowonjezerayo. Njira yaukhondo ndi kumukoka ndi jakisoni wamkulu ndi kachubu kopyapyala kudzera pa bowo la dipstick. Kumasula nati yapansi pa sampu n'kothekanso, koma ambiri amathera posamba oyilo mpaka m'chigongono.

Ntchito yeniyeni ili pa kutsata kumene oyiloyo anapita. Akachuluka, amakankhidwa kudzera m'kapaipi kopumira injini n'kulowa m'njira ya mpweya. Tsekulani bokosi la air filter, masulani mapaipi opita ku turbo ndi ku intercooler ngati injini yanu ili nazo. Pa ma Hiace, injini ya 2KD ili ndi turbo, ya 5L yakale ija ilibe. Kunyowa pang'ono m'kati mwa paipi n'kwachibadwa pa galimoto yoyenda kale. Koma mukapendeketsa paipi n'kutsika oyilo wodzaza kapu, zonsezo zitsukidwe injini isanalire.

Chifukwa chake n'chakuti injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oyilo wake womwe. Ikayamba kumumwa, imadzikweza yokha, kukuwa ngati ikuphulika, utsi tolotolo, ndipo ngakhale muzimitse kiyi siizima. Zikakuchitikirani pa galimoto ya manyuwo, pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yapamwamba, siyani kilatchi kuti izime. Ya otomatiki, itsekeni polowera mpweya ndi thabwa. Osati ndi dzanja.

Musanagwire kiyi, zungulitsani injini pamanja maulendo awiri athunthu ndi sipanala pa nati ya pulley yakutsogolo. Ikamalimba n'kudutsa, ili bwino. Ikafika poti gwa, osasuntha, musakakamize: mwina oyilo wadzaza pamwamba pa pisitoni, ndipo madzimadzi sapanikizika, chimene chimapindika ndi con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ku crankshaft. Apa makaniko achotse ma heater plug, oyiloyo atuluke, n'kuyeza compression ya silinda iliyonse. Imodzi ikatsalira kwambiri anzake, injini itsekulidwe.

Zonse zikakhala bwino, lizani koma osaponda mafuta. Nyali ya oyilo izime m'masekondi ochepa. Utsi wabuluu upitirira kwa kanthawi pamene wotsalira m'ekizosi akupsa, koma uzicheperachepera. Ukakhalabe mutayenda makilomita angapo, kayikirani turbo kapena ma ring. Tcherani khutu pansi pa injini: kugogoda kolemera komwe kukufulumira mukaponda mafuta ndiko kunoka, zimitsani pomwepo. Umboni wake mukaupeza mu oyilo wakale kapena mukadula oil filter, tizitsulo tonyezimira ngati mchenga.

Ine sindivomera makaniko amene angomva nkhaniyi n'kulamula kuti injini itsitsidwe asanayeze kalikonse. Galimoto yomwe yangolira mphindi zochepa nthawi zambiri imachira ndi oyilo watsopano, filter ndi kutsuka mapaipi.

Usiku woyamba yalani katoni pansi pa injini. M'mawa mukapeza dontho pakati pa injini ndi gearbox, seal yakumbuyo ya crankshaft yatayirira, ndipo kuisintha kumafuna kutsitsa gearbox.