Abale a ku Joni, musasiye makiyi pa kompyuta ya eni

Ndimagwira ntchito pa kashopu kosindikiza mapepala pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Si kamodzi kapena kawiri ndapeza imelo ya munthu ili chitsegukire pa kompyuta, mwiniwake atakwera kale minibasi ya ku Senga Bay. Ine ndimangotseka. Koma inu amene muli ku Johannesburg kapena Cape Town, wobwera pambuyo panu m'kashopu ka intaneti simukumudziwa, ndipo mu imelomo muli chithunzi cha pasipoti, makalata a Home Affairs ndi malisiti a ndalama zomwe mumatumiza kumudzi.

Vuto limayambira pa kabokosi kamene kamatuluka pakona mukangolemba pasiwedi. Chrome, pulogalamu yolowera pa intaneti, imafunsa ngati iisunge. Ambiri amadina "Save" pofuna kuti kachoke msanga. Dinani "Never". Mukadina "Save", ndiye kuti mwasiya kiyi pachitseko.

Chabwino koposa n'kusafika n'komwe pa funsolo. Musanalembe chilichonse, gwirani Ctrl, Shift ndi N pamodzi ngati ndi Chrome kapena Edge. Pa Firefox ndi Ctrl, Shift ndi P. Patseguka tsamba lachinsinsi lomwe silisunga komwe mwalowa. Mukamaliza tulukani mu akaunti, kenako tsekani tsamba lonselo.

Komatu apa ndi pomwe ambiri amagwa. Zomwe mwakopera kuti zisindikizidwe zimatsala mu foda ya Downloads ngakhale munali pa tsamba lachinsinsi. Ndinapezamo pasipoti ya mnyamata wina wa ku Lifuwu, nkhope, dzina ndi nambala zonse zili poyera. Fufutani, ndipo mukafufutenso mu Recycle Bin, momwe mumapita zofufutidwa. Za ku banki zokha musachitire pa kompyuta ya gulu, foni yanu ndiye yoyenera.

Mwakumbukira muli kale mu tekisi kuti simunatseke? Pa foni lowani mu akaunti ya Google, pitani pa Security, mupeze kompyutayo pa mndandanda wa zipangizo, muitulutse. Facebook nayo ili ndi malo otero. Kenako sinthani pasiwedi.

Onaninso nambala ya foni yomwe imalandira manambala otsimikizira kuti ndinu polowa mu akaunti. Ambiri inu idakali ya TNM kapena Airtel yomwe munasiyira mlamu wanu ponyamuka. Ikanipo ya Vodacom kapena MTN yomwe muli nayo kumeneko, apo ayi mudzakhala mukuimbira ku Salima usiku kuti akuwerengereni manambala, foni ya mlamuyo ili kotchajitsa pamsika.