Musanaiponye pa YouTube filimu yanu yobwezera ija, ionetseni kaye pagalaji

Msuweni wanga wa ku Rosettenville kuno ku Joni anapanga filimu. Nkhani yake ndi ija mukuidziwa kale, mnyamata zigawenga zamuphera mchimwene wake nde walumbira kuti sameta tsitsi mpaka atawamaliza onse mmodzimmodzi. Tinaishuta ndi mafoni awiri, Lamulungu lokhalokha chifukwa masiku enawa aliyense amakhala ali kwa bwana, ine ntchito yanga inali yogwira maiki imene tinaimangirira ku mtengo wa mopu. Inatitengera miyezi 7 ndipo inatuluka ya ola limodzi ndi mphindi 40. Tsiku loionetsa koyamba anthu anaseka mpaka mayi wina anatuluka panja kukapuma atagwira nthiti, chonsecho mufilimumo munalibe nthabwala olo imodzi. Msuweni anakwiya masabata awiri osayankha foni. Koma tsiku limene lija ndi limene linaipulumutsa filimuyo, nde ngati nanunso muli ndi yanu mu laputopu ndipo chala chikuyabwa kuti muiponye pa intaneti, dikirani kaye, chitani izi.

Yambani ndi anthu oitana. Osadzaza chipinda ndi amene anasewera mufilimumo, amenewo saonera filimu, amangodikira nkhope yawo kuti akuwe kuti ndine uyo ndine uyo. Abale nawonso achepe. Pezani anthu mwina 15 kapena 20 oti alibe nanu ngongole ya ulemu, azimayi akhalepo ambiri ndithu chifukwa iwo sabisa, akatopa amayamba kucheza za chipeleganyu pompo. Ndipo ngati pa yadi panu pali neba wa ku Zimbabwe kapena Mzulu amene samva Chichewa muitaneninso. Ameneyo ndi sikelo yabwino kwambiri, akatha kukuuzani kuti uyu wakwiyira uyu chifukwa chakuti, ndiye kuti zithunzi zanu zikuyankhula zokha. Ana ayi, muli magazi.

Malo ndi nthawi sindichedwapo. Galaji kapena chipinda chachikulu, Lamulungu masana anthu ataweruka ku tchalitchi, TV yaikulu yobwereka ndi sipika imodzi yabwino. Onani kuti mita ili ndi mayunitsi komanso magetsi sazima nthawi imeneyo. Mu Juni ndi Julaye galaji ya ku Joni imazizira ngati filiji, anthu amathawa chifukwa cha mphepo inu nkumayesa filimu yawanyasa, pomwe nthawi ya mvula mabingu a masana aja akayamba padenga la malata simumva kanthu. Mowa utuluke filimu ikatha. Pakhomo musalipiritse, uku ndi kuyesa chabe, zogulitsa ndi kuonetsa kugulu zili ndi malamulo ake, kuno kuli bungwe la Film and Publication Board limene limaika zaka za oonera, zija mumaziona za 13, 16 ndi 18.

Tsopano inuyo mwini filimu. Khalani kumbuyo kwenikweni, pakona, ndi kope ndi cholembera, foni ikuwerenga nthawi. Filimuyo mwaionera kale ka 50, lero mukuonera anthu. Paliponse pamene aseka, atsonya, ayasamula, atulutsa foni kapena afunsana kuti kodi ameneyu ndi ndaninso, lembani mphindi yake basi. Ndipo pakamwa mutseke. Msuweni wanga anaimitsa filimu katatu kuti afotokoze, "apa mukuona achimwene, kwenikweni mfutiyo inali ndi zipolopolo ziwiri zokha", ankolo ena anangomuyankha kuti nde pa YouTube muzikalowa mufoni ya aliyense kukafotokoza eti? Anakhala pansi.

Kuseka kuli mitundu, apa mpamene pali nkhani yonse. Kuli kuseka kwa chisangalalo, kuja anthu amaseka akuwomba m'manja sitaringi akamugwetsa mdani, kumabwera ndi mawu, mpatse! mmalize! Kumeneko musakukhudze, mwapambana. Ndiye pali kuseka kumene kumayamba ndi munthu mmodzi, kenako amaloza TV, kenako chipinda chonse chagwa. Kumeneko ndiye kuti aona chinthu chimene inu munasiya kuchiona kalekale.

Ife koyamba anaseka pa mphindi 9. Mtembo wa mchimwene uja wagona pansi, sitaringi akulira mokweza, koma mimba ya mtembo ikukwera ndi kutsika bwinobwino chifukwa mnyamatayo anali atangothamanga kuchokera ku shopu. Mayi wina anakuwa kuti musalire achimwene akupuma awo, athireni madzi! Basi maliro onse anathera pomwepo. Mankhwala ake ndi osavuta, wakufa muzimujambula kumaso kapena kumapazi, kapena mumufunditse bulangete, ndipo shoti yake isapitirire masekondi atatu. Yachiwiri inali yoopsa kuposa apa. Tinali ndi anyamata ochepa nde amene anaphedwa pa mphindi 30 anabweranso pa mphindi 55 ngati mlonda wa bwana wa zigawenga, tinangomuveka chipewa. Nsapato zomwe zija zofiira. Chipinda chonse chinayamba kuimba nyimbo ya kuuka kwa akufa, sindikunama. Ngati mulibe anthu okwanira, wobwerezayo mbiseni nkhope yonse, msintheni nsapato ndi jekete, ndipo asayankhule.

Zibakera nazo zimaseketsa zikalakwika. Chibakera cha mufilimu sichifika pankhope, chimadutsa patsogolo, chinsinsi chake ndi pamene mwaika kamera. Mukaima pambali penipeni mpata uja umaoneka wonse, munthu akugwa chibakera chili kutali ngati mkono wathunthu. Imani kumbuyo kwa phewa la womenyayo kapena la womenyedwayo, mpata umabisika, womenyedwa atembenuze mutu nthawi yomweyo, ndipo phokoso mudzaliike poedita pa fulemu yeniyeni imene chibakera chikudutsa. Likachedwa pang'ono pokha anthu amamva. Komanso musagwiritse phokoso limodzi pa zibakera zonse, ife tinali ndi ka "dhu" kamodzi kamene tinakatenga pa intaneti, pofika pakati pa filimu anyamata akutsogolo anali akukayimba okha chibakera chisanafike. Magazi a tomato sosi aiwaleni, amawala ngati penti ndipo aliyense amawadziwa chifukwa amadyera tchipisi. Sakanizani golden syrup, kala yofiira ya makeke ndi kokoa pang'ono kuti ade, amayenda pakhungu ngati enieni.

Ndiye pali zimene Joni yeniyeniyo imakuchitani. Nkhani yathu imati zonse zikuchitika ku Ndirande. Koma kumbuyo kwa sitaringi kukuoneka Hillbrow Tower ili njo, ma taxi a Quantum a nambala ya GP ya kuno ku Gauteng akudutsa, wina nkufunsa kuti kodi Ndirande anaimanga liti chonchi, ife tachokako dzana lomweli. Shoti ina mitengo ya jacaranda ili ndi maluwa ake ofiirira a mu Okutobala aja, munthu akangotembenuka shoti yotsatira mitengo yomweyo ilibe duwa olo limodzi chifukwa tinadzamaliza miyezi ina. Ndi mbalame zija za hadeda, aise, mbalame zimenezi zilibe ulemu, sitaringi ali pakati polumbira pamanda izo haa haa haa pamwamba. Langizo langa apa ndi lakuti musanamize anthu malo. Ngati mukushutira ku Turffontein nkhaniyo ichitikire ku Turffontein komweko, mnyamata wobwera pa basi kudzatsikira ku Park Station kudzasaka amene anapha m'bale wake, imeneyo ndi nkhani yoti aliyense pano aimva mumtima. Za mawu, jambulani mawu a anthu payokha m'chipinda cha zii, muli matilesi ndi makatani, kenako muwalumikize. Anthu amakhululuka chithunzi chosawala koma mawu osamveka sakhululuka, amangoyamba kucheza zawo.

Koma kuseka si mdani wamkulu. Amene akuseka akuonerabe. Choopsa ndi pamene chipinda chayamba kuwala ndi mafoni, mitu yonse pansi. Mu kope langa kuyambira mphindi 35 mpaka 50 ndinangolemba kuti mafoni, mafoni, mafoni. Titabwerera kukaona, mphindi zonsezo sitaringi amangoyenda. Akutuluka m'nyumba, akutseka geti, akuyenda mumsewu, akukwera taxi, akutsika, akuyendanso, nyimbo yachisoni ikulira. Msuweni amazikonda zimenezi chifukwa anazijambula bwino dzuwa likulowa, komatu munthu amene amakwera taxi tsiku ndi tsiku ku Bree sangasiye foni yake kuti aonere mnzake akukwera taxi. Dulani. Atuluke pakhomo, shoti yotsatira wafika. Pamene panafanso anthu ndi pa malankhulidwe a kumapeto, sitaringi wamuloza mfuti bwana wa zigawenga nkuyamba kufotokoza mbiri yonse kuyambira ali ku pulayimale, mphindi 6 zathunthu, mpaka bambo wina kumbuyo anati muombereni kapena mutipatse mfutiyo tithandize.

Chimene chinandipweteka ine kwambiri nchakuti anthu anayamba kuchemerera chigawenga. Chifukwa chake ndinachimvetsa mochedwa. Mchimwene wophedwayo anafa filimu itangoyamba, sitinamuonepo akuseka, akutumiza ndalama kumudzi, akugawana buledi ndi mng'ono wake, palibe. Nde anthu amulire bwanji munthu amene sakumudziwa? Pomwe bwana wa zigawenga anali mkulu wina woseketsa mwachibadwa, akalowa chipinda chimadzuka. Filimu yobwezera imayenda ndi mkwiyo wa oonera, osati wa sitaringi. Apatseni kaye mphindi zingapo amukonde munthuyo, kenako muwalande.

Filimu ikatha musafunse kuti mwaiona bwanji. Ife Amalawi tidzakuyankhani kuti mwayesetsa achimwene, pitirizani, Mulungu akudalitseni, ndipo mukamva mawu akuti mwayesetsa dziwani kuti zavuta. Tulutsani zakumwa, inuyo muchokepo pang'ono, mnzanu wina ndi amene afunse. Auze munthu mmodzi afotokoze nkhani yonse mwachidule ngati akuuza mnzake amene sanabwere, pamene akakamire kapena kusokoneza mayina mpamene nkhani yanu yathyoka. Afunsenso kuti ndi munthu uti angachotsedwe filimu osasintha, ndi pati pamene anafuna kupita kwawo. Akakuuzani pamene pawawa akhulupirireni, koma akayamba kukuuzani mankhwala ake, zoti muikemo helikopita kapena sitaringi akwatire mlongo wa chigawenga, ingogwedezani mutu.

Mukatero mwatsala ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kudula ndi kukonza, pulogalamu yoeditira ya CapCut ikukwana, kapena DaVinci Resolve imene ili ndi mtundu waulere ngati laputopu yanu ili ndi mphamvu. Yachiwiri ndi kuvomera kuti mwapanga sewero loseketsa mosadziwa nkulikwera lomwelo. Si zamanyazi. Ku Uganda, ku Wakaliga mu Kampala, Isaac Nabwana ndi anzake a Wakaliwood anatchuka dziko lonse ndi mafilimu a nkhondo a ndalama zochepetsetsa, zophulika zopangira pa kompyuta zoonekeratu kuti nzabodza, pamwamba pake pali munthu akufotokoza ndi kuseka nawo. Ifenso tinakulira zomwezo m'mavidiyo sho a kwathu, filimu ya Chitchaina munthu akuimasulira m'Chichewa mmene akufunira mwini wake, Jet Li akuyankhula za ngongole ya kwa mayi wa mandasi. Kungoti musankhe imodzi. Filimu imene theka ikufuna kuliza anthu theka ikuseketsa mwangozi ndi imene imatukwanitsa.

Ngati mubwerere kukashutanso, chonde nkhani ya mfuti za zidole muisamale. Kuno si kwathu. Lamulo la mfuti la mu 2000, Firearms Control Act, limaletsa kuloza munthu popanda chifukwa chomveka ngakhale ndi chinthu chongooneka ngati mfuti, ndipo neba akakuonani pawindo sadziwa kuti ndi filimu, amangoimbira apolisi kapena asekyulite a mfuti aja, amene amafika asanafunse. Shutirani mkati mwa yadi yotseka, eni nyumba ndi maneba auzeni dzulo lake, chidolecho chizikhala m'chikwama mpaka kamera itayaka. Za mumsewu zimafuna chilolezo, a Gauteng Film Commission amathandiza kulozera njira yake.

Ife tinasankha kudula. Filimu inachoka pa ola ndi mphindi 40 kufika pa mphindi 52, tinaonjezera kachigawo kamodzi koyambirira abale awiri aja akuphika nsima pa sitovu ya mbale imodzi akukangana kuti wamaliza ufa ndani, ndipo mtembo tinaufunditsa bulangete. Tinaitananso anthu ena atsopano pagalaji pomwe paja. Pa maliro panali zii, mayi wina anapukuta m'maso ndi chitenje, msuweni anandigwira bondo mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa. Mukadzaiika pa YouTube mudzapeza kuti mu YouTube Studio muli mzere woonetsa pamene anthu akusiyira kuonera, ndi kope lomwe lija koma la anthu osakudziwani. Wathu umatsika pang'ono pa mphindi 41, pamene mlonda wa chipewa uja amalowa. Nsapato zofiira zija tinaiwala kuzidula.