Momwe Mungabwezeretsere Mitengo M'munda Mwanu Popanda Kugula Mbande

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lino limakhala pa nyengo yodzala mitengo. Mbande zimagawidwa, mayenje amakumbidwa, koma pofika Okutobala zambiri zimakhala zitauma, zina zitadyedwa ndi chiswe kapena mbuzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'minda momwemo muli mitengo ina yamoyo imene timaitema tokha chaka ndi chaka tikamasosa. Ndikunena zitsa zophukira.

Chitsa cha mthethe, chitimbe, mpoza kapena mombo chikamatulutsa mphukira ndiye kuti sichinafe. Mizu yake inazama kale mpaka pamene pali chinyontho, n'chifukwa chake mphukirazo zimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu ndipo sizilira kuthirira. Ku Niger, katswiri wa zaulimi wochokera ku Australia, Tony Rinaudo, anayamba kulimbikitsa njira yosamalira zitsa zophukirazi pakati pa alimi a ku Maradi m'zaka za m'ma 1980, ndipo malo okwana mahekitala pafupifupi 5 miliyoni anameranso mitengo. Kwathu kuno chifukwa chochitira zimenezi sichisowa. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo amayi akuyenda mtunda wautali kuposa kale kuti apeze mtolo umodzi. Amene anaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe pa namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti phiri lopanda mitengo siligwira madzi.

Nayi njira yake.

Choyamba, yendani m'munda musanasose. Onani zitsa zonse zimene zikuphukira, ndi timitengo tomera tokha. Mangani kansanza kapena kapepala kowala pa zimene mukufuna kusunga kuti aganyu ndi ana asadzaziteme.

Chachiwiri, sankhani, chifukwa si mtengo uliwonse umene umagwirizana ndi chimanga. Apa msangu ndiye mfumu. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, mvula ikamagwa, n'kuphukanso chilimwe. Choncho suphimba mbewu dzuwa, ndipo masamba ogwawo amawolerana n'kukhala manyowa pomwepo. Pitani ku Salima kapena m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja mukaone chimanga cha pansi pa msangu mmene chimabiriwira kuposa chinzake cha pambali. Nyemba za msangu ng'ombe ndi mbuzi zimadya mu Okutobala msipu utatha. Mukapeza kamsangu m'munda, ngakhale kali ndi minga yobaya polima, kasiyeni. Mitengo ya mthunzi wambiri, monga masuku ndi mombo, ndi bwino kuisunga m'malire, m'mbali mwa mtsinje kapena pamalo otsetsereka amene simulimapo.

Chachitatu, thenerani. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Chitsa chimodzi chimatha kutulutsa mphukira zoposa 10, zonse zikulimbirana chakudya, n'kungokhala chitsamba chosakwera. Sankhani zowongoka ndi zonenepa, kuyambira 3 mpaka 5, zotsalazo mudule. Pa zimene mwasiyazo chotsani tinthambi ta m'munsi mpaka pakati pa msinkhu wake, ta kumtunda musatikhudze. Chikwanje kapena mpeni zikhale zakuthwa. Gwirani nthambi ndi dzanja limodzi, mudule kuchokera pansi kukwezera m'mwamba. Mukatema motsitsa, nthambi imang'ambika n'kusenda khungwa, ndipo pabala pamenepo ndi pamene chiswe ndi matenda zimalowera. Ngati mphukira zili zofooka, zimangeni pamodzi ndi luzi kuti mphepo isazithyole. Masamba a zimene mwadulazo musawotche. Ayaleni m'mizere kuti aphimbe nthaka, timitengoto mupite nato kukhitchini.

Chachinayi, tetezani. Adani a mphukirazi ndi awiri: moto ndi ziweto. Lambulani udzu mozungulira chitsa chilichonse chilimwe chisanafike pachimake, ndipo mapesi musawaunjike pafupi. Kwa mbuzi, zingani ndi nthambi zaminga mpaka nsonga zitatalika moti sizingafikire. Koma kunena zoona, mpanda wanu wokha sungaletse moto wa osaka mbewa. Nkhaniyi ifike kwa amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi kuti pakhale lamulo la mudzi wonse lokhudza kutentha tchire ndi kumasula ziweto. Kumene anthu agwirizana, mitengo imapulumuka. Kumene aliyense akuchita zake, khama la munthu mmodzi limapsa tsiku limodzi.

Chachisanu, bwereraniko pakatha miyezi ingapo, chifukwa chitsa chimatulutsanso mphukira zatsopano zofunika kuchotsa. Mphukira zanu zikafika pokhala milimo, muzidula imodzi pachaka, ya nkhuni kapena yomangira khola, koma yowongoka kwambiri ija muisiye ikule kukhala mtengo weniweni. Nkhuni za mtundu umenewu ndi zing'onozing'ono, ndipo pa mafuwa zimanyeka msanga. Zimapindula mukaziphikira pa chitetezo mbaula, imene imasunga moto pamalo amodzi n'kupsetsa nsima ndi timitengo tochepa.

Ngati pali mtengo umene simukuudziwa dzina kapena ntchito yake, musafulumire kuutema. Funsani akuluakulu a m'mudzi kapena alangizi a zankhalango a m'dera lanu, chifukwa ina ndi yamankhwala, ina ndi yazipatso, ndipo ina monga mlombwa ndi muwanga yayamba kusowa kwambiri.