Momwe mungakonzere zovala za ochita filimu kapena sewero la pa TV

M'mafilimu ambiri a kwathu kuno, mlimi amene nkhani ikuti wagona ndi njala masiku awiri amatulukira atavala malaya oyera, ositidwa bwino, mizere ya m'sitolo ikuonekabe. Woonera amasiya kukhulupirira nkhaniyo munthuyo asanatsegule n'komwe pakamwa. Gwero lake ndi lodziwika: dayilekita amangouza ochita sewero kuti "mawa aliyense abwere ndi zovala zake", ndipo palibe amene amafuna kuoneka wosasamba pa TV pamene abale ake akuonera. Pamafunika munthu mmodzi woyang'anira zovala basi, kuyambira nkhani ikadali papepala mpaka kamera itazimitsidwa tsiku lomaliza. Ngati munthuyo ndi inu, ntchito yake imayenda motere.

1. Werengani nkhani yonse, kenaka werengani masiku ake

Ulendo woyamba werengani ngati woonera, mumve kukoma kwake. Ulendo wachiwiri tengani kope lachikuto cholimba ndi cholembera. Lembani dzina la munthu aliyense wa m'nkhani pa tsamba lakelake, ndipo pansi pake mulembe gawo lililonse limene akuonekamo.

Chimene oyamba kumene amachiphonya ndi kuwerenga masiku a m'nkhani. Filimu ya ola limodzi ndi theka itha kukhala nkhani ya masiku anayi okha, kapena ya zaka khumi. Ngati gawo 3, gawo 7 ndi gawo 12 zikuchitika Lachiwiri lomwelo, munthuyo avale chovala chimodzimodzi m'magawo onsewo, ngakhale ajambulidwe milungu yotalikirana. Lembaninso paliponse pamene chovala chikukumana ndi tsoka: mvula, ndewu, magazi, matope, phala lotayikira. Zovala zimenezo zidzafunika ziwiri kapena zitatu zofanana ndendende, chifukwa dayilekita akati "tibwerezenso", malaya ong'ambika kale sangabwererenso mwakale.

2. Khalani pansi ndi dayilekita

Mufunseni za munthu aliyense mafunso amene nkhani sinayankhe. Amapeza bwanji ndalama? Amamuchapira ndani? Zovala amagula yekha kapena amalandira zosiyiridwa ndi akulu ake? Akufuna kuti anthu azimuona bwanji? Mphunzitsi wa kumudzi amene ali ndi malaya awiri okha koma amawasita m'mawa uliwonse ndi ayironi ya makala ndi munthu wina, ndipo mnyamata wa kabaza amene wagula jekete yonyezimira ali ndi ngongole ya nyumba ndi winanso. Onse ndi osauka, koma zovala zawo sizinganene nkhani imodzi.

Mukamvana, jambulani kapena sonkhanitsani zithunzi, mumuonetse dayilekitayo musanatulutse ngakhale tambala imodzi.

3. Fufuzani nthawi ndi malo

Apa m'pamene ntchito yabwino imasiyanirana ndi yongoyerekeza, ndipo ndikupemphani musathamangepo.

Ngati nkhani yanu ikuchitika mu 1980, mayi wa m'tauni sangavale buluku kapena siketi yolekeza pamwamba pa mawondo. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa zimenezo, ndipo linachoka pamene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri. Amuna nawonso sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Pamisonkhano ya chipani amayi ankavala nsalu za nkhope ya Kamuzu, ndipo nsalu zambiri za nthawi imeneyo zinkachokera ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre. Mukaika mtsikana wa jinzi pa depoti ya basi ya mu 1980, agogo onse oonera adzaona bodzalo nthawi yomweyo.

Mukabwerera m'mbuyo kwambiri, chovala chimasanduka nkhani payokha. Pa chithunzi cha mu 1914 chojambulidwa ku Mbombwe, John Chilembwe waima ndi mmishonale John Chorley atavala suti ndi chipewa kumutu, m'nthawi imene munthu wakuda ankayembekezeka kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Samson Kambalu, katswiri wa zaluso wa ku Malawi, anatenga chithunzi chomwecho n'kupangira chiboliboli chimene chinaikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Wokonza zovala amene akupanga filimu ya Chilembwe n'kuiwala chipewacho wataya theka la uthenga. Anthu wamba a m'midzi ya nthawiyo ankavala biliwita, ena nyanda ndi zikopa, ndipo kusiyana kwa iwo ndi akhristu ovala masuti a ku Providence Industrial Mission, mishoni ya Chilembwe, kuyenera kuoneka pa kamera.

Zithunzi zakale mungazipeze ku National Archives ku Zomba, ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, ndi ku nyumba yosungira zakale ya Chichiri. Koma musaiwale ma alubamu a m'nyumba za anthu. Zithunzi za ukwati, za ubatizo ndi za ku situdiyo zimaonetsa kutalika kwa kolala, kukula kwa miyendo ya buluku, mangidwe a duku, ngakhale nsapato za pulasitiki zimene atsikana ankavala popita kutchalitchi. Khalani ndi agogo muwafunse kuti nsalu ankaimanga bwanji popita kumaliro ndi popita kumunda. Amakumbukira zinthu zimene palibe buku linalemba.

Ndi mmene akatswiri akunja amachitiranso. Ruth E. Carter, amene anapata mphoto ya Oscar mu 2019 ndi mu 2023 chifukwa cha zovala za mafilimu a Black Panther, anaphunzira kaye mabulangete a Abasotho, mphete za m'khosi za Andebele ndi mikanda ya Amasai asanajambule chovala chilichonse.

Malonso ali ndi kavalidwe kake. Bambo wachisilamu wa ku Mangochi Lachisanu ali mu mkanjo ndi mzuli. Ku Dedza mu June munthu sayenda wopanda juzi, pamene ku Nsanje mu October jekete ingakhale nkhanza kwa wovalayo ndiponso bodza kwa woonera.

4. Yesani miyeso, kenaka pitani kukasaka

Muyeseni aliyense ndi tepi: chifuwa, chiuno, matako, mapewa, kutalika kwa mkono ndi mwendo, khosi, mutu ndi nambala ya nsapato. Musadalire zimene munthu wakuuzani pafoni. Lembani m'kope lija ndipo muziyenda ndi tepiyo m'thumba.

Zovala zimachokera kutatu. Koyamba ndi pa kaunjika, bwenzi lanu lalikulu, kaya ku Limbe, ku msika wa Tsoka ku Lilongwe kapena pa tsiku la msika kwanu komweko. Lawirirani tsiku lotsegula belo ngati mukufuna suti yabwino ya bwana. Za munthu wovutika pitani madzulo, pa mulu wa zotsala zotsika mtengo. Nsalu mungazipeze m'misika yonse, ndipo ku Mzuzu msika wa Taifa uli ndi mitundu yambiri. Kwachiwiri ndi kwa telala, makamaka pa zovala zakale, za chilundu, ndi zija zofunika ziwiriziwiri. Mupatseni chithunzi, osangomufotokozera pakamwa, ndipo mumuuze tsiku loyambirira kuposa lenileni ndi mlungu wathunthu. Kwachitatu ndi kubwereka. Chilichonse chobwereka chilembedwe: mwini wake, tsiku, ndi mmene chinalili pobwera. Musabwereke chovala chimene chikakumane ndi magazi kapena ndewu.

Pa ndalama zimene mwapatsidwa, patulani kagawo ka sopo, makala, ulusi ndi zadzidzidzi. Zimenezi ndi zomwe zimaiwalika pa bajeti.

5. Onetsani chovala ku kamera tsiku lojambula lisanafike

Diso ndi kamera sizimaona mofanana. Malaya a timizere ting'onoting'ono kapena timabokosi tothithikana amanjenjemera pa sikirini ngati ali ndi moyo. Choyera mbee pa dzuwa la masana chimawala mopitirira, ndipo wojambula akachepetsa kuwala kuti malaya aoneke, nkhope ya munthu wakhungu lakuda imamira mumdima. Mankhwala ake ndi osavuta: viikani malayawo m'madzi a masamba a tiyi osawirira kwambiri kwa mphindi zingapo, muwatsukuluze, muwayanike. Pa kamera adzaonekabe oyera koma osathobwa m'maso. Ngati mukujambulira kutsogolo kwa nsalu yobiriwira kuti mudzaikemo malo ena pa kompyuta, chobiriwira chilichonse pathupi chidzasowa.

Mverani ndi makutu omwe. Jekete ya nayiloni, nsalu yatsopano yokhuthala, zibangili ndi mikanda zimakhudza kamaikolofoni kobisidwa pachifuwa, ndipo mawu abwino amaonongeka. Nsalu yatsopano ichapidwe kangapo kuti ifewe.

Chenjeraninso ndi zolembedwa pa zovala. Kaunjika amabwera ndi mayina a makampani ndi mawu ena otukwana amene sitiwawerenga pogula. Kwathu kuno ngakhale mtundu umayankhula za ndale: buluu, chikasu, olenji, kapena zofiira, zakuda ndi zobiriwira pamodzi zimakumbutsa anthu zipani. Mukaveka gulu la akuba malaya a mtundu umodzi mwa imeneyi, oonera adzamva zimene inu simunanene.

6. Kalambitsani zovala

Gawo ili ndi limene ndimalikonda kuposa onse, ndipo ndi limene mafilimu athu amalisowa kwambiri. Chovala chogwirira ntchito chimatha m'malo odziwika: pa kolala, m'zigongono, m'mawondo, pakamwa pa matumba, ndi pa phewa limene munthu amasenzerapo khasu kapena thumba. Musangothira dothi paliponse. Tengani sandipepa kapena mwala wokhakhala, mukhule malo amenewo pang'onopang'ono mpaka ulusi uyambe kuoneka. Yanikani chovalacho padzuwa masiku angapo kuti mapewa asuluke kuposa m'munsi. Mukhwapa ndi pa kolala pakanipo tiyi wowirira, ndipo pang'ono mafuta odzola kuti paoneke thukuta la miyezi. Ikani miyala m'matumba usiku wonse kuti alendewere. Dulani batani limodzi, musokerepo la mtundu wina. Chigamba chisokedwe pamanja, ndi ulusi wosafanana ndi nsalu, monga mmene mayi wotanganidwa angasokere madzulo pa khonde.

Dothi litengedwe pamalo pomwe mukujambulirapo. Katondo wofiira pa buluku la msodzi wa kumchenga wa kunyanja ndi bodza loonekeratu. Amene anaonera The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mu 2019 yojambulidwa ku Kasungu yonena za njala ya 2001 ndi 2002, akumbukira mmene fumbi la malowo linalowerera m'zovala za banja lija.

Kumbukiraninso kuti umphawi si uve. Mayi wosauka amachapa nsalu yake mpaka maluwa ake kufufutika, ndipo popita kutchalitchi amatulutsa ija yosunga pansi pa sutikesi. Kumuveka nsanza zamatope tsiku lililonse n'kunyoza anthu amene filimu ikuti ikuwayankhulira. Pa nkhani ya njala, njira yabwino ndi kumuveka wosewerayo chovala chofanana koma chokulirapo pang'ono m'magawo a kumapeto, lamba ataboola bowo lina, kuti aoneke wawonda.

Nsapato musaziiwale. Nthawi zambiri ndi zimene zimaulula kuti zonse n'zatsopano.

7. Zina zimafuna chilolezo ndi ulemu

Ngati pali wovala ngati wapolisi kapena msilikali, kadziwitseni apolisi a dera limenelo ndi kalata musanatuluke naye pamsewu, ndipo akamaliza gawo lake avule nthawi yomweyo. Yunifolomu za amayi a Mvano, za amayi achikatolika ndi za mipingo ina zili ndi eni ake, choncho kapempheni kwa atsogoleri awo ndi kuwauza zoona za gawolo. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, si chovala choti mungosoka kwa telala. Pitani kwa mfumu ndi akuluakulu a mudzi, iwo ndiwo anene chotheka ndi chosatheka. Ofuna kuphunzira tanthauzo la zilombo zosiyanasiyana apite ku malo osungira chikhalidwe a Kungoni ku Mua.

Ochita sewero nawo ndi anthu. Pakhale malo obisika osinthira, amayi paokha, ndipo wina asakakamizidwe pa tsiku lojambula kuvala chimene sanachione ndi kuchivomera poyeserera. Za kaunjika zonse zichapidwe zisanafike pathupi pa munthu.

8. Tsiku lojambula

Fikani ena asanafike. Chovala chilichonse chikhale pa hang'ala yake kapena m'jumbo lake, cholembedwa dzina la munthu wa m'nkhani ndi nambala ya gawo. M'chikwama chanu mukhale singano, ulusi wakuda ndi woyera, mapini, sizasi, mabatani, selotepi, bulashi ya nsapato, ndi ayironi ya makala yoti ikupulumutseni magetsi akathima.

Wosewera akavala, mujambuleni ndi foni kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndipo mujambulenso gawo likangotha. Lembani tinthu ting'onoting'ono: mabatani angati ali otsegula, mikono yapindidwa kangati, duku wamangira kuti, wotchi ili dzanja liti, banga la thukuta lafika pati. Mafilimu sajambulidwa motsatana. Munthu atha kutuluka pakhomo lero, kunja kwake n'kudzajambulidwa mwezi wamawa, ndipo zithunzi zanuzo ndi zokhazo zimene zidzanene kuti tayi inali yomasuka. Poyembekezera, imani pafupi ndi sikirini ya dayilekita. Mukaona kolala yapindika, nenani kamera isanayambe.

Pa nthawi ya nkhomaliro osewera avule kapena afunde nsalu, chifukwa dontho la supu pa malaya amodzi okha limaimitsa gulu lonse. Madzulo zovala zonse zibwerere kwa inu, wina asapite nazo kunyumba ngakhale akhale wotchuka chotani. Zokalambitsidwa zija musazichape ndi sopo mpaka magawo ake onse atatha. Zitembenuzeni, muziyanike pamphepo.

9. Mukamaliza

Musataye kapena kugawa kanthu mpaka filimu italumikizidwa yonse, poti dayilekita atha kufuna kujambulanso gawo lina. Zobwereka zibwezedwe zochapa ndi zosita, ndipo zowonongeka zilipiridwe. Zotsala ziikidwe m'masutikesi kapena m'migolo yotseka bwino, pamalo ouma, ndi mndandanda wake pamwamba, kuti pa filimu yotsatira musadzayambirenso pa kaunjika. Kope lija ndi zithunzi zisungeni: ndi zimene mudzaonetse amene akufuna kukulembani ntchito ina. Ndipo musanayambe n'komwe, gwirizanani polemba za malipiro anu, komanso kuti dzina lanu ndi la telala wanu zidzalembedwe kumapeto kwa filimu.