Kupeputsa Njinga Yothamangira Popanda Kuwononga Ndalama Zambiri

Aliyense amene anapalasapo njinga kuchokera ku Golomoti, kudutsa m'makhotakhota a Khwekhwerere mpaka kukatulukira pa Masasa, amadziwa kuti kulemera kwa njinga sikumveka pachigwa koma kumayamba kudzionetsa chikweza chikangoyamba. Tawuni ya Dedza, yomwe ili kufupi ndi Masasa, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Golomoti ali m'munsi moyandikira nyanja ya Malawi, kotero kuti wopalasa pa njira imeneyi amakweza thupi lake, njinga yake ndi chilichonse chimene wamangirirapo mamita pafupifupi 1,000. Ambiri a ife njinga zothamangira zimene tili nazo, zija za matayala opyapyala ndi mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa, tinazigula pa kaunjika zitayenda kale zaka zambiri kunja, ndipo nthawi zambiri zimalemera makilogalamu pakati pa 10 ndi 12. Njinga yotere ingathe kupepuka ndi kilogalamu imodzi kapena iwiri pa ndalama zochepa, malinga ngati mwiniwake atsata ndondomeko yoyenera ya choyambira ndi chotsirizira.

Musanagule kanthu, ndi bwino kudziwa phindu lenileni la kilogalamu imodzi. Pa chikweza chachikulu, nthawi imene mumatenga imayenderana ndi kulemera kwa zonse pamodzi, inuyo ndi njingayo. Ngati mumalemera makilogalamu 65 ndipo njinga ikulemera 11, zonse pamodzi ndi 76, ndipo kuchotsapo kilogalamu imodzi kukupulumutsirani masekondi pafupifupi 45 pa chikweza chimene mumakwera kwa ola lathunthu. Pamalo a see, monga zigawo zina za msewu wa M1, phindulo ndi lochepa kuposa pamenepa chifukwa mdani wamkulu kumeneko ndi mphepo. Masekondi 45 ndi ofunika kwa wochita mpikisano, koma si oti munthu n'kugulitsira mbuzi. Ngakhale akatswiri a mipikisano ikuluikulu ali ndi malire, pakuti bungwe la UCI, loyendetsa mipikisano ya njinga pa dziko lonse, linakhazikitsa m'chaka cha 2000 lamulo loti njinga ya mpikisano isapepuke kuposa makilogalamu 6.8, ndipo kuti njinga ifike pamenepo pamalowa ndalama zimene enafe tingamangire nyumba.

Ntchito yoyamba ndi kuyeza. Pezani sikelo yopachika, ya mtundu umene anthu amayezera chimanga kapena soya, mupachike njinga yonse pa mtanda wa khonde kapena pa nthambi yolimba, ndipo mulembe nambalayo m'kope. Popeza masikelo ena a pamsika amadziwika ndi kubera, yambani mwayesa sikeloyo ndi chinthu chodziwika kulemera kwake, monga paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, ndipo muzigwiritsa ntchito sikelo yomweyo nthawi zonse kuti muziona kusintha kwenikweni. Zitsulo zing'onozing'ono zimafuna sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu. Masulani chishalo pamodzi ndi mtengo wake, mapedulo, mawilo, matayala ndi machubu, muyeze chilichonse pachokha. Popanda manambala amenewa mudzangogula m'chimbulimbuli, ndipo nthawi zina chitsulo chonyezimira chimene mwagula chimakhala cholemera kuposa chakale chimene mwachotsa.

Kopelo likuthandizaninso pa masamu amodzi amene ayenera kutsogolera kugula kulikonse: mtengo wa chinthu muugawe ndi magalamu amene chichotse. Mwachitsanzo, ngati chishalo chili pa K30,000 ndipo chichotsa magalamu 100, ndiye kuti galamu iliyonse mwaigula K300. Ngati machubu awiri ali pa K15,000 ndipo achotsa magalamu 100 omwewo, galamu mwaigula K150. Mitengoyi ndangopereka ngati chitsanzo, pakuti ya m'masitolo ikusintha mwezi ndi mwezi, koma njira yowerengerayo sisintha.

Magalamu otchipa kuposa onse ndi amene amachoka ndi sipanala yokha. Njinga zambiri za kaunjika zimabwera ndi sitandi, kaliyala, madigadi achitsulo, dayinamo, loko womangiriridwa ku felemu, ndipo mwina tizitsulo togwirira zinthu zimene zinatayika kalekale. Zonsezi pamodzi zimatha kupitirira kilogalamu imodzi ndi theka. Ngati njingayo ndi yothamangira chabe, ndipo yonyamulira kabichi ndi mbatata ya kachewere kuchokera ku Lizulu muli nayo ina, zichotseni, koma musunge mabawuti ake m'kabotolo chifukwa madigadi mudzawafunanso mvula ikayamba mu Disembala. Mukatero muitsuke njingayo bwinobwino, makamaka pansi pa foloko, kuseri kwa mabuleki ndi pakati pa mano a magiya, pomwe matope ouma ndi girizi wakale zimaunjikana.

Magetsi ndi zonyezimira musachotse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chifunga chimaphimba msewu kuyambira ku Bembeke mpaka ku Dedza boma moti woyendetsa lole amakuonani atafika kale pafupi. Chimene mungachite ndi kusinthanitsa dayinamo ndi nyali yake yachitsulo ndi timagetsi tiwiri totchaja pa USB, kakutsogolo ndi kofiira kakumbuyo, tomwe timapepuka kwambiri ndipo sitikhuza tayala.

Kenako yang'anani zimene mumanyamula. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero kuti mabotolo awiri a mamililita 750 ndi kilogalamu ndi theka. Pa ulendo wa pa M1 kuchokera ku Dedza kupita ku Ntcheu, pomwe mumadutsa Bembeke, Lizulu ndi Mlangeni, botolo limodzi likukwanirani m'nyengo yozizira chifukwa madzi mupeza panjira. Koma potsikira kunyanja mu Okutobala nyamulani onse awiri, ndipo musawerengere magalamu pa nkhani ya ludzu. M'kachikwama ka pansi pa chishalo mukhale chubu chimodzi, zigamba ndi sulushoni, tizitsulo tiwiri tochotsera tayala, ndi makiyi okhawo amene amagwira mabawuti a njinga yanu. Sipanala zazikulu zitatu ndi pulayazi zitsale kunyumba.

Tsopano tifike pamene ndalama yoyamba iyenera kupita, ndipo pamenepa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe phindu limamveka m'miyendo. Matayala a njinga zothamangira ali mitundu iwiri: ena m'mphepete mwake muli waya wachitsulo ndipo sapindika, ena muli ulusi wolimba wa Kevlar ndipo amagulitsidwa atapindidwa m'kabokosi. Opindikawa amapepuka ndi magalamu pakati pa 50 ndi 100 pa tayala lililonse, ndipo kawirikawiri mphira wake ndi wofewa bwino moti amagudubuzika mosavuta pa tala. Kufewa kumeneku n'kumene kumathandiza kuposa magalamuwo, chifukwa tayala louma gwa limadya mphamvu zanu pa kilomita iliyonse, pokwera ndi potsika pomwe. Njira yosawononga ndalama ndi kudikira mpaka matayala amene alipowo atatha, kenako n'kugula opindika, kuti muwonjezere ndalama yochepa pa imene mukanawononga kale.

Pogula, werengani manambala amene alembedwa m'mbali mwa tayala lakale. Njinga zambiri zothamangira zimavala matayala a saizi yotchedwa 700c, ndipo pa tayala pamalembedwa 25-622 kapena 28-622. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu, zonse mu mamilimita. Njinga zina zakale kwambiri ndi za mainchesi 27, zomwe nambala yake ndi 630, pamene njinga zazikulu zakuda zimene tinazolowera m'midzi zimavala 635. Matayala atatuwa amaoneka ofanana m'sitolo koma salowana, ndipo wogulitsa amene amatumikira anyamata a kabaza tsiku lonse akhoza kukupatsani lolakwika mosadziwa. Pa kunenepa, ine ndimasankha 28 ngati felemu ndi mabuleki zikulola, ngakhale kuti 23 ndi lopepukirapo. Tala wathu ali ndi zigamba ndi maenje, ndipo m'mphepete mwake ndi modyeka, kotero kuti tayala lopyapyala kwambiri limafuna mpweya wambiri, limadumphadumpha, ndipo limatsina chubu mukangogunda dzenje.

Machubu wamba akuda amalemera magalamu 100 kapena kupitirirapo, ndipo alipo ena akuda omwewo koma opyapyala, a magalamu pafupifupi 70, amene amamatika ndi zigamba za masiku onse. Amenewa ndi amene ndingalimbikitse. Alipo machubu a pulasitiki otchedwa TPU amene amatsika mpaka magalamu 40 kapena kucheperapo, ndipo pa masamu athu aja amaoneka okopa, koma ali ndi zovuta ziwiri kwathu kuno. Choyamba, sulushoni wamba sagwira pa iwo, moti wokonza njinga wa pansi pa mtengo pa Lizulu sangakuthandizeni pokhapokha mutanyamula zigamba zake zapadera. Chachiwiri, ena opyapyala kwambiri anapangidwira njinga za mabuleki a disiki, ndipo sapirira kutentha kwa limu imene yakhala ikugwidwa ndi buleki kwa nthawi yaitali, monga zimakhalira potsika Khwekhwerere. Werengani zimene zalembedwa pa kabokosi musanapereke ndalama.

Chishalo, mtengo wake ndi mapedulo ndi zotsatira. Zishalo zonenepa za siponji zimatha kufika theka la kilogalamu, pamene chothamangira chabwinobwino chimakhala cha magalamu pakati pa 250 ndi 300. Ine ndinagulapo china chopepuka kwambiri chopanda dzina, ndipo ndisanafike n'komwe pa Linthipe ndinali nditayamba kale kupalasa choimirira, chinathera m'katoni. Ngati mtengo wa chishalo ndi wachitsulo, wa aluminiyamu wa kaunjika uchotsa magalamu ambiri pa mtengo wochepa, koma muyeze kunenepa kwake molondola, pakuti mamilimita 27.2 ndi 26.8 zimasiyana pang'ono kwambiri m'maso koma sizilowana. Ena amadula mtengowu kuti uchepe. Phindu lake ndi magalamu owerengeka, ndipo ngati mwasankha kutero musiye masentimita osachepera 10 m'kati mwa felemu.

Mawilo ndiwo chinthu chachikulu chimene chingasinthidwe, ndipo ndi chodula. Awiri a njinga zotsika mtengo amalemera makilogalamu awiri kapena kuposerapo, pamene abwino a aluminiyamu amakhala chapafupi ndi 1.6. Ogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka nthawi zina kwa okwera anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene akusintha awo. Powagula, zungulitsani wilo muone ngati silikupepeluka, mumvetsere ngati habu sikukhotchola, mufufuze ming'alu pomwe masipoko amalowera mu limu, ndipo mupapase pamene buleki imagwira: ngati pakumbika ngati supuni, limuyo yatha. Onetsetsaninso kuti habu yakumbuyo ikugwirizana ndi magiya anu komanso kukula kwa mpata wa felemu pomwe wilo lakumbuyo limalowa, chifukwa mafelemu akale ndi a mamilimita 126 pamene atsopanoko a mabuleki a pa limu ndi a 130. Mawilo a masipoko ochepa kwambiri ndiwakana; pa wilo la masipoko 32, imodzi ikaduka mumafika kunyumba, ndipo wokonza aliyense amatha kuliwongola.

Pali malo amodzi pomwe ndingakulangizeni kuwonjezera kulemera mwadala. Njinga zakale zambiri zili ndi magiya akutsogolo a mano 52 ndi 42, ndipo akumbuyo amathera pa 23 kapena 25, zomwe ndi zolimba mopitirira pa mapiri athu. Magiya akumbuyo ofika mano 28 kapena 32, ngati chosinthira magiya chanu chingawakwanitse, amawonjezera magalamu ochepa koma amakulolani kuzungulitsa miyendo momasuka pomwe kale munkatsika n'kumakankha. Pa chifukwa chomwecho, ngati kutsogolo muli ndi magiya atatu, musachotse laling'onolo pofuna kupeputsa.

Kuboola timabowo m'mahandulo, m'mabuleki kapena m'felemu, kapenanso kupala zitsulo ndi chopalira kuti zipyapyale, musayese n'komwe. Mahandulo ndi mafoloko a kaboni (ulusi wopepuka womatidwa pamodzi m'malo mwa chitsulo) otchipa modabwitsa, opanda dzina lodziwika, ndi oopsa chimodzimodzi, chifukwa kaboni sapindika kukuchenjezani monga chimachitira chitsulo, koma amangothyoka mwadzidzidzi. Ngakhale kaboni weniweni amafuna kuti mabawuti ake amangidwe pa mlingo wolembedwa pa chitsulocho, kawirikawiri 5 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti) pa mabawuti a handulo, ndipo zimenezi zimafuna sipanala yapadera yoyezera mphamvu.

Mukasintha chinthu chilichonse, pachikaninso njinga pa sikelo ija, mulembe nambala yatsopano pamodzi ndi ndalama imene mwawononga. Kenako muikwere kaye pafupi ndi nyumba, mugwire mabuleki onse awiri mwamphamvu, mugwedeze handulo ndi chishalo kuti muone ngati sizikusuntha, ndipo muonetsetse kuti mphira za mabuleki zikugwira pa limu osati pa tayala latsopanolo. Mabawuti amene mwamasula muwayenderenso ndi kiyi mukabwera ku ulendo woyamba, musanaganize zotsika nayo ku Golomoti.